Njoka yamoto ya Achuvash isazulidwe mano

Mu 2018 nyumba ya malamulo ya dziko la Russia inavomereza lamulo lakuti mwana aziphunzira chilankhulo cha mtundu wake kusukulu pokhapokha makolo ake atafuna. Kwa Achuvash, mtundu wokhala m'mbali mwa mtsinje wa Volga umene likulu lawo ndi Cheboksary, lamuloli linagwera pabala. Kalembera wa 2002 anapeza Achuvash opitirira 1.6 miliyoni, wa 2010 anapeza 1.4 miliyoni, ndipo wa 2021 anapeza osakwana 1.1 miliyoni. Anthuwo sanafe onse ayi, ambiri anangoyamba kudzilembetsa kuti ndi a mtundu wa Chirasha. Tsono pamene nthawi yophunzitsa za makolo yachepa chotere, mkangano umene unabuka Soviet Union itagwa mu 1991 wakula mphamvu: pa zonse zimene makolo anasiya, nchiyani chiyenera kupatsidwa kwa ana? Pa nyimbo palibe amatsutsa. Pa nsalu zopetedwa ndi ulusi wofiira, zimene Achuvash amatchuka nazo, onse amagwirizana. Pofika pa mizimu yoipa ndi ziwanda za m'nthano mpamene anthu amagawanika, ndipo chiwanda chimene chimavuta kwambiri ndi njoka yamoto, Vĕri Çĕlen, imene m'mabuku a Chirasha imalembedwa kuti Vereselen. Maganizo anga ndi akuti njoka imeneyi iphunzitsidwe, ndipo iphunzitsidwe yathunthu, ndi nkhanza zake zomwe, chifukwa ndi umodzi mwa maumboni ochepa osonyeza mmene mudzi wa Chichuvash unkachitira ndi mkazi wamasiye ndi mtsikana wotenga pathupi asanakwatiwe.

Tiyambe tayidziwa njokayo. Amati imauluka usiku, ili ndi mitu ingapo, ndipo imasiya mzere wamoto m'mlengalenga. Ikafika pamwamba pa nyumba imene ikufuna, imamwazika ngati nthethe za moto n'kulowa m'katimo. Ikalowa siikhalanso njoka. Kwa mkazi amene akulira mwamuna wake usana ndi usiku, imaoneka ngati mwamuna womwalirayo, nkhope yomweyo, mawu omwewo, ndipo imagona naye. Mkaziyo amayamba kuwonda, kuyezuka, kusiya kudya ndi kucheza ndi anzake, mpaka kumwalira ngati achibale sachitapo kanthu. Nthano zina zimati afiti ndiwo amaituma. Zina, zowawa kuposa zonse, zimati njokayi imachokera kwa khanda lobadwa kunja kwa banja limene mayi ake analipha mobisa, ndipo imabwerera usiku kudzayamwa magazi a mayiyo. Izi sizinachokere m'mutu mwa mlembi wa masiku ano. Zikhulupiriro zakale za Achuvash zinalembedwa ndi anthu amene anayenda m'midzi kufunsa okalamba, monga Vasily Magnitsky amene anasindikiza zake mu 1881, ndi Gyula Mészáros wa ku Hungary amene anasindikiza zake mu 1909, komanso zili mbwee m'zitsanzo za mu dikishonale ya Nikolai Ashmarin, ya mabuku 17, imene inatuluka pakati pa 1928 ndi 1950.

Otsutsa oyamba ndi a chipembedzo, ndipo mfundo yawo si yopepuka. Achuvash ambiri lero ndi a mpingo wa Orthodox. Kwa wansembe, chinthu chimene chimadzisandutsa munthu wakufa kuti chinyenge wamoyo ndi chiwanda basi, ndipo ziwanda sitiseweretsa m'kalasi. Amaopanso kuti kuphunzitsa njokayi ndi khomo lolowetsera chipembedzo chakale chonse, cha Tură mulungu wamkulu, cha nkhalango zopatulika zotchedwa kiremet, ndi cha oombeza otchedwa yumăç, chimene magulu ena akhala akuyesa kuchidzutsa kuyambira m'ma 1990. Yankho langa lili pawiri. Poyamba, kudziwa chinthu si kuchipembedza, ndipo njokayi palibe amene anaipembedzapo. Sinali mulungu, sinapatsidwe nsembe yothokoza, inali chinthu choopedwa ndi kuthamangitsidwa. Chachiwiri, njira yobisa inayesedwa kale ndipo inalephera. M'ma 1740 boma la mfumu ya Russia linabatiza Achuvash ambirimbiri mokakamiza, midzi yathunthu nthawi imodzi, ndipo mitengo ya m'makiremet inagwetsedwa. Patapita zaka zoposa 100, Magnitsky anapeza anthu obatizidwawo akadali ndi mizimu yawo yonse. Chimene chinathandiza Chikhristu kuzika mizu ndi ntchito ya Ivan Yakovlev, amene anatsegula sukulu ya Achuvash ku Simbirsk mu 1868, nakonza zilembo za chilankhulo chawo kumayambiriro kwa m'ma 1870, n'kuyamba kulankhula ndi anthu m'mawu awoawo. Iyeyo anali Mkhristu wodzipereka, koma sukulu yake inatulutsa anthu amene anasonkhanitsa nthano ndi miyambo ya m'midzi. Wansembe amene mayi wa mumpingo mwake akumuuza kuti malemu bambo a kunyumba amabwera usiku, adzamuthandiza bwanji ngati sadziwa nthano imene mayiyo anakulira nayo?

Gulu lachiwiri likuchokera mbali ina kotheratu. Awa ndi ana a maphunziro a Soviet, amene amati zonsezi ndi umbuli umene sayansi inauthetsa kalekale. Mzere wamoto kumwamba ndi mwala wochokera m'mlengalenga umene ukupsa polowa mumpweya wa dziko, ngati uja unaphulika pamwamba pa mzinda wa Chelyabinsk ku Russia mu February 2013 n'kujambulidwa ndi makamera a m'galimoto. Kumva ngati china chakukhalira pachifuwa uli m'tulo, chimene Achuvash amati ndi Vupăr, ndi thupi limene lachedwa kudzuka ubongo utadzuka kale. Nanga bwanji kutaya ola la sukulu pa zinthu zabodza? Ndikuvomereza zonse za mwala ndi za tulo. Koma taonani kuti kufotokoza kumeneku kwangoyankha theka la nthano, ndiponso theka losafunika kwenikweni. Mwala woyaka umaonedwa ndi mudzi wonse. Funso ndi lakuti n'chifukwa chiyani mudziwo, utaona motowo, unkaloza nyumba ya mkazi wamasiye osati ya mfumu kapena ya wosula zitsulo. Sayansi ya nyenyezi ilibe yankho pamenepa. Ife tomwe tikudziwa kuti Napolo amene anasesa Zomba mu 1946 ndi Phalombe mu 1991 anali madzi, matope ndi miyala yogumuka m'phiri, koma nkhani ya Napolo imanenanso za kumene anthu ankaopa kumanga nyumba, ndipo zimenezo woyeza mvula sangakuuzeni.

Kuwonjezera apo, sayansi yomweyo ikafufuzidwa bwino ikuikira kumbuyo okalamba aja pa mfundo imodzi yaikulu. Mu 1971 dokotala wina wa ku Wales, W. Dewi Rees, anasindikiza mu British Medical Journal zotsatira za kucheza kwake ndi amasiye 293, amuna ndi akazi. Pafupifupi theka la iwo linanena kuti linamvapo kuti malemu ali pafupi, ena anawaona, ena anawamva akulankhula, ochepa anati anakhudzidwa nawo, ndipo ambiri anali asanauzepo munthu. Zaka ziwiri izi zisanachitike, Colin Murray Parkes ndi anzake anasonyeza kuti pakati pa amuna 4,486 oferedwa akazi, imfa zinakwera ndi pafupifupi 40 peresenti m'miyezi 6 yoyamba. Lero bungwe la WHO lili ndi dzina la matenda a chisoni chosatha m'ndandanda wake wa matenda. Choncho gogo wa m'mudzi wa ku Volga amene ankati mkazi wolira mopitirira amachezeredwa ndi mwamuna wake usiku, n'kuyamba kufota, ankanena zinthu zimene zimachitikadi. Analakwa potchula chochititsa, koma sanalakwe pa zimene anaona, ndipo sanalakwenso pa chithandizo: wamasiye asagone yekha m'nyumba, achibale amuyang'anire, adye, abwerere pakati pa anthu. Kalendala yawo inathandizanso pa zimenezi, chifukwa akufa anali ndi nthawi zawo zoikika zokumbukiridwa, monga Çimĕk kumayambiriro kwa chilimwe ndi mwambo wa yupa woimika chipilala pamanda, ndipo panali mwambo wa sĕren pamene anyamata ankayenda khomo ndi khomo ndi ndodo ndi zosokosera kupirikitsa zoipa m'mudzi. Wakufa ankalandiridwa pa tsiku lake, masana, pamaso pa onse. Wobwera yekha usiku sanali iyeyo. Ganizirani tsono zaka za pambuyo pa 1945. Dera la Achuvash, lotchedwa Chuvashia, linatumiza anthu oposa 200,000 kunkhondo yachiwiri ya padziko lonse ndipo pafupifupi theka silinabwerere, ambiri opanda manda odziwika. Akazi amene anakumba ngalande za nkhondo m'mbali mwa mtsinje wa Sura m'chisanu choopsa cha 1941 ndi 1942 ndi omwewo amene anatsala akudikira kuti chitseko chigogodedwe. Munthu wofuna kumva za usiku wa akazi amenewa sadzazipeza m'malipoti a chipani cholamula cha Soviet Union.

Tsopano ndifike pa otsutsa amene ndimawalemekeza kwambiri, ndipo ndiwapatse malo okwanira. Awa amati nthanoyi si yachifundo monga ndaifotokozera, ndi chikwapu. Amati taonani amene njokayi imawapeza: mkazi wopanda mwamuna ndi mtsikana wochimwitsidwa. Mwamuna amene anapereka pathupi paja sayamwidwa magazi ndi aliyense. Bambo amene anakana kukwatitsa mwana wake wamkazi kuti azimulimira kumunda, pomwe mwana wamwamuna ankamukwatitsa akadali wamng'ono kuti abweretse mpongozi wogwira ntchito, sachezeredwa ndi moto uliwonse. Mudzi umene unkagawa minda powerenga amuna okha, n'kusiya wamasiye wopanda mwana wamwamuna akudalira chifundo cha alamu ake, sulangidwa m'nthanomo. Ndiponso nthano yotere ndi chida chabwino cha miseche. Mnansi akangoti ndinaona moto ukulowa pachumuni cha uje, mbiri ya mkaziyo yatha, kaya anali ndi chibwenzi kaya ayi. Nanga n'kuphunzitsiranji atsikana a lero nthano imene inapangidwa kuti agogo awo aziopa matupi awo?

Zonsezi ndi zoona, ndipo sindichotsapo ngakhale chimodzi. Koma ndikuona kuti zikuchirikiza mbali yanga. Kodi tadziwa bwanji kuti mudzi unkaweruza mkazi n'kusiya mwamuna? Tadziwa chifukwa nthanoyo ilipo ndipo tikuiwerenga. Mtsikana amene anabereka yekha m'khola usiku wachisanu sanalembe kalata, sanadziwe n'kulemba komwe. Mabuku a tchalitchi analemba obatizidwa ndi oikidwa m'manda, mabuku a boma analemba amuna okhoma msonkho. Malo amodzi mwa ochepa kumene mtsikana uja akuonekera ndi m'nthano yoopsayi, imene ikuvomereza mosafuna kuti zinthu zoterezi zinkachitika, ndipo zinkachitika kokwanira kuti mudzi uzipangire chilombo. Mukaifufuta, simunamuteteze mtsikanayo, mwangofafaniza umboni wa mlandu umene anamuchitira, ndipo chotsala ndi chithunzi cha mudzi wa anamwali omwetulira ovala zipewa za ndalama zasiliva akuvina pa chikondwerero cha Akatuy. Chithunzi chimenecho nchokoma, koma chikakhala chokha ndi bodza. Komanso ndi bwino kuzindikira kuti nthano imodzi imagwira ntchito zosiyana malinga ndi amene waigwira. M'kamwa mwa mnansi wanjiru inali chitonzo. M'kamwa mwa apongozi achifundo inali njira youzira mpongozi wamasiyeyo kuti mwana wanga, kulira kwakwana, popanda kumunena kuti wapenga. Ndipo kwa wamasiye mwiniwake inkamupatsa mawu oti anenere chimene chikumuchitikira, podziwa kuti amene akumumva sadzadabwa. Amasiye a ku Wales aja, m'dziko la madokotala ndi wailesi, analibe mawu otere ndipo anangokhala chete. Sindikunena kuti mudzi wa Chichuvash unali wabwino kuposa Wales. Ndikunena kuti chida chomwecho chinkacheka ndi kuchiritsa, ndipo mwana wa zaka 15 angathe kumvetsa zimenezi ngati mphunzitsi amufunsa funso losavuta lakuti, m'nthano iyi ndani akusowa?

Pali ena amene amati njokayi si ya Achuvash n'komwe, anangoibwereka kwa anansi awo, choncho isadye nthawi ya zinthu zenizeni za mtunduwo. N'zoona kuti anthu a Chirasha ali ndi njoka yamoto yochezera akazi amasiye yofanana kwambiri ndi iyi. N'zoonanso kuti chinjoka china cha m'nthano za Chichuvash, Aştaha, chili ndi dzina lochokera ku Persia, ndipo Atatar a ku Kazan ali ndi Zilant wawo amene ali pachizindikiro cha mzindawo. Koma mfundoyi siitenga nthawi kuyankha. Volga ndi msewu wa malonda kuyambira kale. Ahmad ibn Fadlan, nthumwi yochokera ku Baghdad imene inafika kwa Abulgar, mtundu wakale wa ku Volga, mu 922, analemba kale za njoka zambiri za m'dzikomo ndi kuti eni ake sankazipha, ndipo Achuvash amalankhula chilankhulo chokhacho chotsala cha nthambi ya Abulgar amenewo. Mtundu umene wakhala zaka 1,000 pakati pa Atatar, Amari, Amordva ndi anthu a Chirasha sungakhale ndi nthano yosakhudzidwa ndi mnansi. Tikati tichotse zonse zimene zili ndi chibale kwina, sipatsala kanthu, ngakhale zilembo za Yakovlev zipita chifukwa anazimanga pa zilembo za Chirasha.

Komabe adani oopsa a njokayi, m'kuona kwanga, si amene akufuna kuiletsa. Ndi amene amaikonda molakwika. Masiku ano chinjoka chouluka chimagulitsa malonda, chili m'mafilimu, m'masewera a pakompyuta ndi pamalaya. N'kosavuta kutenga Vĕri Çĕlen, kuijambula ndi mapiko okongola, kuitcha chinjoka cha mtundu wathu, n'kusiya kunja wamasiye ndi khanda lija. Amene amachita zimenezi ali ndi chifukwa chomveka: amati mtundu umene ukuchepa ukufunika zinthu zonyaditsa achinyamata, osati zowachititsa manyazi, ndipo mnyamata wa ku Cheboksary amene amalankhula Chirasha chokha angakopeke ndi chinjoka mosavuta kuposa ndi galamala. Ndikumvetsa, ndipo sindidana ndi malaya. Vuto ndi lakuti chinjoka chotsukidwa chotere sichisiyana ndi cha ku Wales kapena cha m'filimu iliyonse, ndiye mnyamatayo akachiona kawiri adzapita kwa chimene chinajambulidwa bwino ndi ndalama zambiri. Chimene njoka ya Achuvash ili nacho, chimene zinazo zilibe, ndi nyumba yamatabwa, chumuni, mkazi wosagona ndi mudzi umene ukusuzumira. Awa okongoletsa ndi wansembe uja, ngakhale amadana, akuchita chinthu chimodzi: onse akuchotsa mkazi m'nkhaniyi, wina pofuna kubisa chiwanda, wina pofuna kuchigulitsa. Ndipo odzutsa chipembedzo chakale ayenera kusamala pano kuposa onse, chifukwa munthu amene akuti akubwezeretsa za makolo koma akusankha mapemphero a pamunda okha, n'kusiya mantha a usiku, akupanga chipembedzo chatsopano n'kuchiveka zovala zakale.

Funso lotsala ndi la makolo wamba, amene sali m'gulu lililonse mwa awa, ongofunsa kuti kodi ana sachita mantha, ndipo kodi nkhani ya kugonana ndi kupha khanda ndi ya m'kalasi? Apa ndikuvomera kuti msinkhu uli ndi ntchito. Mwana wa sitandade yoyamba amve za Hĕrt-surt, mzimu wosamala nyumba umene ankauikira phala, kapena za Arçuri wa m'nkhalango amene amasocheretsa apaulendo. Njoka yamoto idikire ana a ku sekondale, amene pa msinkhuwo amawerenga kale mabuku a Chirasha okhala ndi kuphana, chigololo ndi kudzipha, popanda wodandaula. Ngati angathe kuwerenga zoterezi za anthu olemera a ku Saint Petersburg, angathenso kuwerenga za mudzi wa agogo awo. Pakali pano phunziro la zipembedzo limene ana a kalasi yachinayi amaphunzira m'dziko lonse la Russia kuyambira 2012 limapatsa makolo mwayi wosankha pakati pa Orthodox, Chisilamu, Chiyuda, Chibuda, zipembedzo zosiyanasiyana pamodzi ndi chikhalidwe chosadalira chipembedzo. Chikhulupiriro chakale cha Achuvash chilibe gawo lakelake pamenepo. Malo okhawo otsala ndi ola la chilankhulo ndi zolembedwa za Chichuvash, lomwe lija lamulo la 2018 linalisandutsa la ofuna okha. Ndiye mphunzitsi wa ola limeneli akupikisana ndi masamu ndi Chingerezi kuti makolo asaine pepala, ndipo akupikisana ndi foni kuti mwana atchere khutu. Ndakatulo ina yotamanda kukongola kwa Volga siingamuthandize pa mpikisano umenewu. Ndime zingapo zochokera m'zolemba za Mészáros kapena m'mabuku a Ashmarin, zowerengedwa m'Chichuvash cha okalamba amene anazinena, zingapangitse mwana kupita kunyumba kukafunsa agogo ake ngati m'mudzi mwawo munali nyumba imene anthu ankailoza, ndipo kuti amve yankho lonse adzafunika chilankhulocho.